Kodi petulo wakale uja angakhale akadali m'madzi a pansi?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa konkuno ku Zomba. Apempha kuti dzina lawo lisatchulidwe, ndipo ndaifupikitsa pang'ono:

"Tinagula puloti kumunsi kwa tauni, cha ku Likangala. Madzi a m'mipopi amavutavuta, ndiye tikufuna kukumba chitsime. Koma agogo ena oyandikana nafe akuti chakumtunda kwa pulotiyo, mamita ngati 100, kunali galaja ya malole kalekale, ndipo inali ndi pampu yakeyake ndi thanki yokwiriridwa pansi. Inatsekedwa cha m'ma 1980 ndipo palibe anaona thankiyo ikufukulidwa. Mwana wa achimwene anga, amene anaphunzira sayansi, akuti tisade nkhawa chifukwa nthaka imadya yokha mafuta, komanso mtovu wa m'petulo wakale suyenda. Bambo a kunyumba akuti tikakumba n'kupeza madzi osanunkha petulo, basi tizimwa. Akulondola ndani?"

Zikomo mayi polemba. Mwana wa achimwene anuyo sananame, zonse ziwiri wanenazo n'zoona. Kungoti m'petulo wakale munali chinthu china chimene sanachitchule, mankhwala otchedwa EDB, ndipo n'chimenecho chimene chimavutitsa. Bambo a kunyumba ndiye muwauze mwaulemu kuti pa nkhani iyi mphuno siithandiza.

Tisanapite patali, bwererani kwa agogowo mukawafunse kuti m'thankimo ankathiramo chiyani. Ngati anali dizilo yekha, theka la nkhawa yanu latha, chifukwa m'dizilo simunkaikidwa mtovu kapena mankhwala amene ndifotokozewa. Koma malole ena akale ankayendera petulo, ndipo magalaja ambiri ankasunga zonse ziwiri. Ngati munali petulo, n'zosachita kufunsa kuti anali wamtovu. Mayiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara anagwirizana ku Dakar mu 2001 kuti amusiye, ndipo anamusiya pofika Januwale 2006. Dziko lomaliza pa dziko lonse linali Algeria, mu 2021. Galaja yotsekedwa m'ma 1980 sinaonepo petulo wa mtundu wina.

Mtovuwo unalowa m'petulo chonchi. Mu 1921 katswiri wina wa ku kampani ya magalimoto ya General Motors ku America, Thomas Midgley Jr., anapeza kuti mankhwala otchedwa tetraethyl lead amaletsa injini kugogoda, ndipo mu 1923 petulo wotere anayamba kugulitsidwa ku Dayton, Ohio. Posakhalitsa panabuka vuto: mtovu ukapsa unkasiya zikhokho pa mapulagi ndi mavavu mpaka injini kuwonongeka. Ndiye anawonjezeramo mankhwala ena awiri, ethylene dibromide amene amangotchedwa EDB, ndi mnzake 1,2-DCA. Ntchito yawo inali kugwira mtovu uja ukamapsa n'kuutulutsira ku ekizozi. Injini inkakhaladi yoyera, mtovuwo n'kumapumidwa ndi ana a m'mbali mwa msewu, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Yathu lero ndi ya petulo amene sanafike n'komwe mu injini, amene anadontha m'thanki ali ndi zonse zitatu zosapsa.

Matanki a nthawi imeneyo anali achitsulo cha khungu limodzi. M'dothi lonyowa ngati la kuno chitsulo chimachita dzimbiri, polumikizira mapaipi pamayamba kukha, ndipo mwini galaja amangoganiza kuti anyamata akumubera. Mafutawo amatsika mpaka kukakumana ndi madzi a pansi, n'kuyandama pamwamba pake. Ndiyeno dzinja lililonse madziwo amakwera, pofika Okutobala atsikanso, ndipo pokwera ndi potsika amapaka mafuta aja m'dothi la pakatipo. Mvula iliyonse imatsukapo pang'ono n'kupita nawo kumunsi. Chitsime cha munthu wa kumunsiyo chimalandira zimene zatsukidwazo.

Zimene zili m'petulo siziyenda limodzi. Mtovu sukonda madzi, umamatirira kudothi, makamaka la mtapo ndi la chonde, choncho nthawi zambiri umakhala pafupi ndi pamene unatayikira. Pamenepa mwana wa achimwene anu wapambana, ngakhale kuti dothi la pamalo enieniwo si lolimapo ndiwo zamasamba kapena loseweretsapo ana. Gulu lachiwiri ndi la zonunkha zija, monga benzene ndi toluene. Benzene amayambitsa khansa ya m'magazi, si wochezeka, koma mabakiteriya a m'nthaka amamudya ngati chakudya, moti pa malo ambiri omwetsera mafuta amene anayezedwa ku America, benzene sankapita kutali kwambiri kuposa mamita 100. Apanso mnyamatayo akulondola.

EDB ndiye wina. Mukathira mafuta ophikira ndi mchere mumphika wa madzi, mafuta amayandama n'kumaoneka, mchere umasowa koma uli m'supuni iliyonse. EDB ali mbali ya mchere. Lita imodzi ya madzi ingathe kusungunula magalamu 4 a EDB, kuposa kawiri mmene ingasungunulire benzene, ndipo 1,2-DCA amasungunuka koposa pamenepo. Onsewa sagwira kwenikweni kudothi, amangotsata madzi. Pa mlingo umene amayamba kukhala oopsa, madzi amakhala oyera mbee, osanunkha, osamveka kalikonse pakamwa.

Mlingowo ndi wochepa modabwitsa. Bungwe la WHO limati m'madzi akumwa EDB asapitirire 0.4 microgram pa lita, ndipo microgram ndi galamu imodzi yogawidwa pamiliyoni. Bungwe la EPA, loyang'anira zachilengedwe ku America, linakhwimitsa kwambiri, linaika 0.05. Yerekezani ndi benzene, amene WHO imalola 10 ndipo EPA imalola 5. Chifukwa chake n'chakuti EDB anayambitsa khansa mwamphamvu pa nyama zoyeserapo, ndipo bungwe lofufuza za khansa la IARC linamuika m'gulu la zinthu zimene n'kutheka kwambiri kuti zimayambitsa khansa kwa anthu. Amawononganso chiwindi, impso ndi mphamvu yobereka ya abambo. Tsono lita imodzi ya petulo wa m'ma 1970 ku America inkakhala ndi EDB pafupifupi magalamu 0.3. Chitani masamu: EDB wa m'lita imodzi yokhayo, atasungunuka yense, akhoza kufikitsa malita 750,000 a madzi pa malire a WHO. Zimenezo ndi zigubu 37,500 za malita 20. Sasungunuka yense tsiku limodzi ayi, amatuluka pang'onopang'ono, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi imatenga zaka.

Tsopano funso lanu lenileni: kodi nthaka imamuwononga? Inde, ndipo njira zake n'zodziwika.

Madzi enieniwo amamuphwanya, popanda kachilombo kalikonse. Pang'onopang'ono madzi amachotsa bromine pa EDB mpaka kutsala zinthu zimene mabakiteriya amamaliza mosavuta. Koma ndi ntchito yaulesi. Kuti theka la EDB lithe mwa njira imeneyi pamapita zaka zingapo, ndipo kwa 1,2-DCA ndi zaka makumimakumi. Kutentha kumafulumizitsa, choncho ife a kuno tili ndi kamwayi poyerekeza ndi a kumayiko ozizira, popeza madzi athu a pansi ndi ofundirako chaka chonse.

Njira imene imandisangalatsa ndi ya mabakiteriya, chifukwa petulo yemwe uja ndi amene amawakonzera malo. Mabakiteriya oyamba akamadya benzene ndi anzake amamaliza okosijeni yense wa m'madzi a pamalopo. Okosijeni akatha pamabwera mtundu wina umene umakhala bwino popanda mpweya. Ena mwa amenewa, monga otchedwa Dehalococcoides, amagwiritsa ntchito mankhwala a bromine ndi klorini m'malo mwa mpweya wopuma. Amathothola bromine yense pa EDB, ndipo chotsala ndi ethene, mpweya womwe uja umene nthochi zimatulutsa zikamapsa. Palibe choopsa chimene chatsala. Vuto n'lakuti EDB sadikira. Amene wathawa m'dera lopanda mpweyalo n'kufika kumadzi oyera a kumunsi amapeza mabakiteriya ochepa ndi chakudya chochepa. Alipo mabakiteriya a m'madzi a okosijeni amene amathanso kumuphwanya, koma sapezeka paliponse, ndipo EDB akachepa kwambiri sakhala chakudya chokhutitsa. Akhoza kutsala pang'ono kwambiri moti mabakiteriya osamulabadira, koma ali pamwamba pa malire a madzi akumwa. Zachitikapo m'malo angapo kuti benzene anathera pafupi ndi thanki pamene EDB anapezeka patsogolo, yekhayekha.

Palinso chitsulo ndi salufa. Munamvapo fungo la dzira lovunda mukaponda matope akuda a kudambo. Limenelo limachokera kwa mabakiteriya amene amasintha salufa wa m'madzi. Mpweya wonunkhawo ukakumana ndi chitsulo cha m'dothi umapanga timibulu takuda totchedwa iron sulfide, ndipo EDB akakhudzana nato amaphwanyika, nthawi zina mofulumira kuposa njira zina zonse. Kumene kuli salufa wokwanira ndi chitsulo, nthaka imagwiradi ntchito.

Apa ndi pamene Zomba amafunika kumudziwa, chifukwa nthaka yathu si imodzi. M'tsinde mwa phiri muli katondo wofiira pamwamba pa mwala wong'ambikang'ambika. Chitsulo chilimo chambiri, n'chimene chimafiiritsa dothilo, koma kufiirako kukusonyeza kuti chinakumana kale ndi mpweya, si chakuda chija chimene chimaphwanya EDB. Ndipo madzi akalowa m'ming'alu ya mwala amathamanga osakhudza dothi lokwanira. Mukamatsikira ku Likangala ndi kuchigwa cha Chilwa mumapeza makande, matope ndi mchenga zosanjikizana. M'makande madzi amayenda pang'onopang'ono ndipo mpweya ndi wochepa, zimene ndi zabwino, koma kamzere kamodzi ka mchenga, pamene kale pankadutsa mtsinje, kakhoza kunyamula madzi oipa molunjika kukafika pa chitsime chimodzi n'kusiya cha oyandikana nacho chili bwinobwino. Mapuloti awiri ogundizana akhoza kukhala ndi mayankho awiri. Munthu sangayang'ane mtundu wa dothi n'kulumbira kuti pano zinatha.

Nthawi nayonso tiiwerenge bwino, poti anthu amangoti "zaka 40 zapita, chatsala n'chiyani?" Zinthu izi zimatha mwa matheka: theka, kenako theka la chotsalacho, kumangotero. Tingoyerekeza kuti madzi a pafupi ndi thanki anali ndi 400 microgram pa lita. Kuti afike pa 0.4 afunika kuchepa ka 1,000, ndipo amenewo ndi matheka 10 otsatizana. Ngati theka lililonse likutenga zaka 2, ndiye zaka 20, ndipo mwana wa achimwene anu akhoza kuvina. Ngati likutenga zaka 5, ndiye zaka 50, simunafike. Komanso kuwerengaku kumayamba tsiku limene gwero lauma, osati tsiku limene galaja inatsekedwa. Ngati thanki ikadali pansi ndi zotsalira, kapena dothi lopakika mafuta lija likutsukidwabe dzinja lililonse, wotchi sinayambe kuyenda bwinobwino.

China chimene chimanamiza ngakhale ophunzira n'chakuti nambala ikatsika pa chitsime chimodzi sizitanthauza kuti EDB waphwanyika. Mwina wangosakanikirana ndi madzi ambiri a mvula, kapena wasunthira kwa a neba. Akatswiri amasiyanitsa poyeza kaboni wa mu EDB yemweyo. Kaboni alipo wopepuka ndi wolemerako, ndipo EDB akamaphwanyidwa, wa kaboni wopepuka ndi amene amayamba kutha. Wotsalayo akapezeka kuti walemera, ndiye umboni woti nthaka ikumudyadi. Ndi kuyeza kodula kumene banja silingakufune, ndangokutchula kuti muone kuti ngakhale amene amakhulupirira ntchito ya nthakayi savomera ndi pakamwa pokha. Amakumba timijigo toyezera n'kumatunga chaka ndi chaka.

Anzathu a ku America anaphunzira izi mochedwa. Iwo anachepetsa kwambiri mtovu m'ma 1980 n'kuuletseratu m'magalimoto mu 1996, ndipo ambiri ankaganiza kuti EDB anatha yekha. Poyeza madzi pa malo omwetsera mafuta sankamufufuza n'komwe, ndipo njira wamba imene ankayezera benzene sinkatha kuona kachulukidwe kochepa ngati 0.05. Mu 2004 Ronald Falta wa ku Clemson University analemba kuti EDB ayenera kuti akadalipo m'malo ambiri. EPA itayeza madzi a pansi pa malo oposa 100 amene mafuta anatayikapo, lipoti lake la 2008 linasonyeza kuti pa malo pafupifupi 4 mwa 10 aliwonse EDB anali pamwamba pa malire. Titha kuziwerenga mbali zonse ziwiri: pa malo ambiri anali atatha kapena kutsika, koma 4 mwa 10 si nambala yoti munthu n'kumwetsera ana ake mongoganizira. Chitsanzo chachikulu ndi malo a asilikali a ndege otchedwa Kirtland Air Force Base ku Albuquerque, New Mexico. Mu 1999 anatulukira kuti mapaipi a mafuta a ndege akhala akudontha kwa zaka zambiri. Mafuta okhala ndi EDB anali atasiya kugwiritsidwa ntchito kumeneko m'ma 1970, koma EDB anali atatsika mamita pafupifupi 150 kufika pamadzi, n'kuyenda mtunda woposa kilomita pansi pa nyumba za anthu. Kuyambira 2015 akhala akupopa madziwo n'kumawasefa. Kumeneko kunatayika malita mamiliyoni, galaja ya kwanuyo singafikeko, koma khalidwe la mankhwalawo ndi lomwelo.

Ndingowonjezera kuti EDB sankabwera ndi petulo yekha. Ankathiridwanso m'minda, ya fodya yomwe, pofuna kupha tinyongolotsi towononga mizu, ndipo America inaletsa ntchito imeneyo mu 1983 atamupeza m'zitsime. Amene puloti yake ili pa esiteti yakale aziikumbukira nkhaniyi.

Ndiye mutani? Pitani ndi agogo aja akakulozereni pamalo penipeni. Yang'anani kapaipi kotulukira m'nthaka, chivundikiro chachitsulo kapena simenti pamene panali pampu. Mukapeza, musalole aliyense kufukula, kuwotcherera kapena kudula ndi galayindala, ngakhale ogula zitsulo zakale atakunyengererani bwanji. Thanki yooneka youma imasunga mpweya wa petulo zaka zambiri, ndipo kamoto kamodzi kamakwana. Kauzeni a zachilengedwe kukhonsolo ya mzinda, ndipo lemberani mabungwe a boma a MEPA ndi MERA, amene amayang'anira zachilengedwe ndi zamafuta. Kalata yosainidwa ndi mabanja angapo pamodzi ndi amfumu imamveka kuposa ya munthu mmodzi.

Za kumene puloti yanu ili, sindikubisirani: kumunsi kwa thanki ndi malo oipa. Madzi a pansi kawirikawiri amatsata kutsetsereka kwa nthaka, ndipo kuno ndiye kuti kuchokera kuphiri kulowera ku Likangala mpaka ku Chilwa. Chitsime chokumba ndi manja chimatunga madzi a pamwamba penipeni, pamene mafuta amakhala. Mjigo wakuya wokhala ndi mapaipi abwino ndi simenti yotseka mbali ya pamwamba uli bwinoko, koma wokumbidwa mwachinyengo umasanduka njira yotsitsira madzi oipa pansi. Komanso pampu ikamakoka kwambiri imaitana madzi a kutali, oipa omwe. Mjigo umafunanso chilolezo cha National Water Resources Authority, ndipo wokumba wanzeru mukamuuza za thankiyo adzasintha malo kapena kuya kwake.

Poyezetsa madzi samalani, chifukwa apa ndi pamene ndalama zimatayika. Kuyeza kwa masiku onse kumaona tizilombo ta m'chimbudzi, mchere, fluoride, chitsulo ndi zotero. Pepala lake likhoza kunena kuti madzi ndi abwino pamene EDB sanafufuzidwe n'komwe. Tchulani mayina: EDB, 1,2-DCA, benzene ndi mtovu. Kenako funsani kuti makina awo amaona kuyambira pa mlingo wanji. Akati 5 microgram, yankho lawo lakuti "sitinapeze" lilibe ntchito kwa EDB, chifukwa malire ndi 0.4. Poyambira kufunsa ndi ku Malawi Bureau of Standards, ku Central Water Laboratory ku Lilongwe, ndi kudipatimenti ya chemistry pa University of Malawi pompano, ndipo akakhala kuti sangathe, akuuzeni labotale ya kunja imene angatumizeko. Madziwo satungira m'botolo la Sobo. Labotale imapereka timabotolo tagalasi ta mamililita 40 timene timadzazidwa mpaka pakamwa, popanda kathovu ka mpweya ngakhale kamodzi. Mukatseka mumatembenuza n'kugogoda ndi chala, kathovu kakaoneka mumayambiranso. Kenako mu kulabokosi ya ayezi, ulendo. Yezani kawiri, kumapeto kwa chilimwe ndi kumapeto kwa dzinja, poti madzi akakwera amafika pa dothi limene m'chilimwe salikhudza. Mtengo wake ndi wowawa, n'chifukwa chake ndi bwino kusonkherana ndi oyandikana nawo amene ali kale ndi zitsime kumunsi kwa galajayo. Zitsime zawozo zikhoza kukuyankhani inu musanakumbe chanu.

Za kuyeretsa pakhomo musadalire zimene tinazolowera. WaterGuard ndi klorini wa kwa alangizi a zaumoyo amapha tizilombo, EDB samukhudza. Kusefa ndi nsalu ndi chimodzimodzi. Kuwiritsa kumathamangitsira wina mumpweya wa m'khitchini momwe mukupumamo, ndipo simungadziwe kuti watsala wochuluka bwanji. Chimene chimamugwira ndi makala apadera a kufakitale otchedwa activated carbon, amene amafuna kusinthidwa pa nthawi yake. Makala a pambaula si amenewo.

Ndikanakhala ine, ndalama ya chitsime ndikanayamba ndagulira thanki yosungira madzi a m'mipopi. Madzi a Southern Region Water Board a m'tauni muno amachokera ku damu la Mulunguzi, pamwamba pa phiri, kumtunda kwa magalaja onse a mumzinda. Akumwa ndi ophikira azichokera kumeneko. Chitsime mukhoza kukumba kumbali ya puloti yotalikirana ndi galajayo, madzi ake n'kumaumbira njerwa, kukolopera ndi kuthirira maluwa, mpaka mapepala a kulabotale atabwera kawiri konse. Chikhale chovundikira, ndipo ana auzidwe kuti si chakumwa.

Ndipo pamene mukuyeza mamita opita kugalaja, yezaninso opita kuzimbudzi, chanu ndi za oyandikana nanu. Chitsime chitalikirane nazo mamita osachepera 30, ndipo chisakhale kumunsi kwake. EDB amavulaza patapita zaka za kumwa tsiku ndi tsiku, pamene kolera, ngati uja anayambira kwa anansi athu ku Machinga mu 2022 n'kufalikira dziko lonse, amagwetsa munthu tsiku lomwelo. M'madera othithikana a mumzinda muno chitsime chosaya chimakumana ndi chimbudzi kawirikawiri kuposa mmene chimakumanira ndi thanki yakale.

Mukapeza labotale yovomera kuyeza EDB pa mlingo woyenera, ndilembereninso mundiuze dzina lake ndi mtengo, ndidzaziika pano. Matauni athu akale onse ali ndi malo amene kale panali pampu, ndipo ambiri mwa malo amenewo lero ndi mapuloti.